Mayi pa mpando wa mkulu wa zamasewera ku yunivesite ya ku America: amafikapo bwanji, nanga chimamugwetsa n'chiyani?

Nachisale

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumatsata masewera a m'mayunivesite a ku America. Kumeneko kuli udindo wotchedwa athletic director, ndipo nkhani zake zimamveka ngati za nduna ya boma: akalemba kochi nyuzipepala zonse zimalemba, akachotsedwa ntchito mpaka pa TV. Akamakamba za amayi amene anakhalapo pa mpandowu, dzina limene silisowa ndi la Debbie Yow, amene anagwira ntchitoyi kuyambira 1990 mpaka 2019 m'mayunivesite atatu.

Ndikufuna kumvetsa zinthu zingapo. Ntchito yake yeniyeni ndi yotani? Kwathu kuno mawu oti athletics amatanthauza zothamanga ndi zodumpha, ndiye kodi ameneyu ndi mkulu wa othamanga basi? Munthu amakwera makwerero ati kuti afike pamenepo, ayenera kuyamba wakhala kochi? Ndipo n'chifukwa chiyani amayi ali owerengeka chonchi m'mayunivesite akuluakulu? Chonde ndipatseni zenizeni, zimene zimachitika mu ofesimo ndi zimene zimalakwika. Zoti "amayi nawonso angathe" tinazimva kale.

Golokipa wa Kale

A Nachisale, tiyambe ndi mawuwo chifukwa amasokoneza ambiri. Ku America athletics ndi masewera onse a pa sukulupo: basketball, kusambira, tenisi, mpira wa miyendo, kupalasa bwato, zothamangazo, komanso football yawo ija amavala zipewa zolimba n'kumagundana. Yunivesite ya m'gulu lapamwamba kwambiri la bungwe la NCAA, limene limayendetsa masewera a m'mayunivesite kumeneko, imayenera kukhala ndi masewera osachepera 16. Maryland, pa nthawi ya mayi Yow, inafika pa matimu 27. Mkulu wa zamasewera ndiye bwana wa makochi onsewo, ndipo iye amayankha kwa mkulu wa yunivesite. Pansi pake pamakhala achiwiri angapo: wa zachuma, wosaka thandizo kwa anthu akufuna kwabwino, wa matikiti ndi zotsatsa, wa mabwalo ndi nyumba, woona kuti osewera akukhoza m'kalasi, wa zachipatala, ndi woona kuti malamulo a NCAA akutsatidwa. Mluzu sagwira. Tsiku lake limathera pa bajeti, makontirakiti, ndi kudya nkhomaliro ndi anthu a ndalama.

Njira ya mayi Yow ikuyankha funso lanu lachiwiri. Anabadwira ku Gibsonville, m'chigawo cha North Carolina, m'banja la basketball: akulu awo, Kay Yow, anali kochi wa timu ya amayi ku NC State (North Carolina State University) kuyambira 1975 mpaka pomwe anamwalira mu 2009, ndipo ndi amene anapambanitsa America golide pa ma Olympics ku Seoul mu 1988. Debbie nayenso anayamba ndi ukochi, ku Kentucky mu 1976, kenako Oral Roberts, kenako Florida. Koma chimene chinawatsegulira khomo si ukochiwo. Mu 1985 anausiya n'kulowa mu ofesi yosonkhanitsa ndalama kwa ochemerera a ku Florida komweko, kenako anakapitiriza ntchito yomweyo ku UNC Greensboro. Mu 1990 Saint Louis University inawapatsa mpando, mu 1994 anapita ku Maryland n'kukhala mayi woyamba pa udindowu mu ligi ya ACC, ndipo mu 2010 anabwerera kwawo ku NC State. Komiti yolemba ntchito imafunsa mafunso awiri, ngakhale sizilembedwa pa pepala: kodi munthuyu anabweretsapo ndalama zingati, ndipo kodi angalimbe kuchotsa kochi wa football? Kochi wa timu ya atsikana, kaya akhale katswiri chotani, alibe yankho pa mafunso awiriwa mpaka atadutsa mu ofesi ya ndalama ija.

Tsono chimene anthu amamuyezera mkulu wa zamasewera ndi makochi amene walemba, makamaka awiri: wa football ndi wa basketball ya amuna, chifukwa matimu awiriwa ndi amene amadyetsa ena onse. Kulemba kwake kumayenda mothamanga. Mkulu wanzeru amakhala ndi mayina anayi kapena asanu m'dirowa ngakhale kochi wake akupambana. Akaganiza zochotsa munthu, amayamba wawerengetsa ndalama zotsala pa kontirakiti, n'kupeza amene adzazilipire, nthawi zambiri olemera awiri kapena atatu mwa ochemerera. Kenako amagwirizana ndi mkulu wa yunivesite. Akatero m'pamene amalengeza. Kukambirana ndi wolowa m'malo kumadutsa mwa maejenti, mwachinsinsi, kawirikawiri mu hotela ya pafupi ndi bwalo la ndege, chifukwa winayo amakhala akadali pa ntchito kwina. Amasainirana kapepala ka mfundo zikuluzikulu, malipiro, zaka, ndalama zolembera othandizira ake, ndi chindapusa cha aliyense amene adzaphwanye pangano. Kontirakiti yonse imadzatha pambuyo pake. Chitsanzo: mayi Yow anachotsa Tom O'Brien ku NC State pa 25 Novembala 2012, timu itapambana masewera 7 mwa 12, ndipo pa 1 Disembala anali atalemba kale Dave Doeren wochokera ku Northern Illinois. Masiku 6. Ukachedwa, ana a sekondale amene analonjeza kubwera amathawira kwina ndipo makochi abwino amatha ngati ndiwo pa msika madzulo.

Ku Maryland anaphonya koyamba: Ron Vanderlinden anakhala zaka zinayi osamaliza ngakhale chaka chimodzi ndi zipambano zoposa zogonja. Kachiwiri analasa pakati. Ralph Friedgen anali wothandizira kwa zaka zambirimbiri, palibe amene ankafuna kumupatsa timu, koma atalembedwa anatenga chikho cha ACC mu 2001, chaka chake choyamba, ndipo anapambana masewera 10 kapena kuposa kwa zaka zitatu zotsatizana. Mu 2002 analemba Brenda Frese kuchokera ku Minnesota, ndipo mu 2006 timu ya amayi inatenga chikho cha dziko lonse itagonjetsa Duke mu nthawi yowonjezera.

Mutu umawawa ndi kochi amene unamupeza. Gary Williams anaphunzira pa Maryland pomwepo, anabwera kudzaphunzitsa mu 1989, mayi Yow asanafike, ndipo anapambana chikho cha dziko mu 2002. Pa pepala anali wantchito wawo, koma ochemerera ankamvera iye. Awiriwa sankamwerana madzi, ndipo mu Januwale 2009 mkangano unatulukira m'nyuzipepala pa nkhani ya osewera awiri amene sukulu inalephera kuwatenga, ofesi ikuloza kochi, kochi akuloza ofesi. Nkhaniyo inawatsatira mpaka ku NC State. Mu Epulo 2011, akuonetsa kochi watsopano Mark Gottfried kwa atolankhani, mayi Yow ananena poyera kuti Williams wakhala akuwaipitsira mbiri kwa makochi amene ankafuna kuwalemba. Williams anakana. Ena anati analankhula mopsa mtima pa tsiku la chikondwerero; ine ndimaona kuti anali atatopa ndi mbiri yoti "ndi ovuta kugwira nawo ntchito," mawu amene bwana wamwamuna wa khalidwe lomwelo samva kawirikawiri.

NaJere wa Maakaunti

Achimwene a Golokipa mwafotokoza bwino za makochi, koma mwadumpha buku la ndalama, ndipo m'menemo ndi mmene muli manda a akuluakulu ambiri a zamasewera, amuna ndi akazi omwe.

Ndalama za dipatimenti zimachokera ku gawo la ligi la ndalama za pa TV, matikiti, zopereka za ochemerera, makampani a zovala ndi otsatsa, ndipo m'masukulu ambiri ngakhale fizi ya ophunzira imathirapo. Zotuluka ndi malipiro a makochi, masikolashipu, maulendo, ndi kubweza ngongole za nyumba. Zitatu zoyambazo ungazichepetse chaka chikavuta. Ngongole ya nyumba siimva zimenezo, imabwera chaka ndi chaka kaya timu ipambane kaya igonje.

Mayi Yow anapeza Maryland ili m'ngongole, ndipo anatchuka ndi kumanga lamba: bajeti yawo inkatha chaka yolingana. Apo palibe wotsutsa. Koma taonani zimene zinachitika kumapeto. Anakulitsa nsanja ya Tyser pa bwalo la football la Byrd, ntchito ya madola pafupifupi 50 miliyoni, kuika zipinda 64 zoonereramo mpira anthu olemera. Chipinda chotere chimakhala ndi galasi kutsogolo, mipando yofewa, firiji ndi zakudya, ndipo kampani imachita lendi kwa zaka zingapo kuti izisangalatsiramo makasitomala. Masamu ake anali oti lendiyo ndi imene izibweza ngongole. Nsanja inatha mu 2009, chuma cha America chitagwa kumene mu 2008, ndipo chaka chomwecho timu inapambana masewera awiri okha mwa 12. Zipinda zina zinakhala zopanda munthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Panalinso pangano la James Franklin. Mu 2009 anamulengeza kuti ndiye adzalowa m'malo mwa Friedgen, ndipo analemba kuti akadzafika Januwale 2012 asanapatsidwe timu, sukulu idzamulipira madola 1 miliyoni. Cholinga chinali kumusunga kuti asabedwe ndi ena. Vuto la pangano lotere n'loti umakhala ndi mafumu awiri m'mudzi umodzi, othandizira sadziwa womumvera, ndipo umamangirira manja a amene adzabwere pambuyo pako. Mayi Yow atachoka mu 2010, Franklin anapita ku Vanderbilt, mkulu watsopano Kevin Anderson anachotsa Friedgen m'chaka chimene anasankhidwa kukhala kochi wabwino koposa mu ACC, ndipo sukulu inalipira zotsala za kontirakiti yake. Mu 2012 Maryland inatseka matimu 7, kuphatikizapo kusambira kwa amuna ndi kwa akazi ndi tenisi ya amuna, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inalengeza zosamukira ku ligi ya Big Ten kumene ndalama za pa TV n'zambiri. Mpaka lero anthu a ku Maryland amakangana kuti mlanduwo ndi wa ndani. Ine ndimati ndi wa onse, koma sitinganene kuti anasiya nyumba yosesa.

Mayi Sandy Barbour, amene anali mkulu wa zamasewera ku California, Berkeley, anakumana ndi zofanana koma zazikulu. Bwalo lawo la Memorial linamangidwa pamwamba penipeni pa mng'alu wa chivomerezi wa Hayward, kotero kulikonza kunali kosapeweka. Ntchitoyo inadya madola 321 miliyoni, bwalo linatsegulidwanso mu 2012, ndipo pophatikiza nyumba yochitiramo masewera olimbitsa thupi ngongole inapitirira 400 miliyoni. Anakonza zoti ibwezedwe pogulitsa mipando yapadera kwa zaka 40 kapena 50, koma ogula anachepa, timu ikugonja. Pamwamba pa izo, mu 2013 zinadziwika kuti mwa osewera football a pa sukulu yotchuka ndi maphunziro imeneyi, 44 okha pa 100 alionse ndi amene ankamaliza digiri. Mu 2014 anachoka. Chodabwitsa n'choti pasanathe miyezi iwiri Penn State inawalemba, sukulu imene inali ikadali m'zilango chifukwa cha mlandu wa Jerry Sandusky, wothandizira kochi wa football wakale amene anagwiririra ana, ndipo anakhalako mpaka 2022.

Ndiye a Nachisale, munthu akakuonetsani chithunzi cha bwalo latsopano, funsani zinthu zitatu: ngongole yake ibwezedwa ndi ndalama ziti, ndalamazo zasainidwa kale kapena n'zongoyembekezera, ndipo masamuwo akugwirabe timu ikagonja zaka zitatu zotsatizana.

Nachisale

Zikomo kwambiri achimwene ndi achemwali, zayamba kumveka. Koma funso lachitatu lija likadalipo. Ndimamva kuti lamulo la Title IX la 1972 linatsegulira atsikana masewera. Ngati osewera aakazi anachuluka chotero, mabwana aakazi anachepa bwanji? Ndipo lamulolo, mkulu wa zamasewera amalitsata bwanji tsiku ndi tsiku, amawerenga chiyani?

Mphunzitsi Wopuma

Mayi Nachisale, apa m'pamene pali nkhani yowawa. Walira mvula walira matope.

Lamulolo lisanabwere, masewera a atsikana anali ndi dipatimenti yawoyawo, yosauka, koma yoyendetsedwa ndi amayi. Analinso ndi bungwe lawo, AIAW, lokhazikitsidwa mu 1971. Kafukufuku wa Vivian Acosta ndi Linda Jean Carpenter, amene anatsata nkhaniyi kwa zaka zoposa 30, anapeza kuti mu 1972 matimu a atsikana oposa 90 pa 100 alionse anali ndi makochi aakazi. Pofika 2014 anali pafupifupi 43. Chinachitika n'chakuti ndalama zitalowa, ntchitozo zinayamba kukoma ndipo amuna anazifuna. Masukulu anaphatikiza madipatimenti awiri aja kukhala imodzi, ndipo pafupifupi paliponse bwana wa amuna ndi amene anakhala bwana wa onse, wa amayi n'kukhala wachiwiri kapena kubwerera kukaphunzitsa m'kalasi. NCAA, imene poyamba inkalimbana ndi lamuloli, inayamba mipikisano ya amayi mu 1981, ikulipirira matimu maulendo, chinthu chimene AIAW sikanakwanitsa. Mu 1982 AIAW inasiya kuyendetsa mipikisano, ndipo mlandu umene inasumira NCAA inaluza. Masukulu ochepa okha anasunga madipatimenti awiri kwa nthawi yaitali, monga Iowa pansi pa Christine Grant mpaka 2000 ndi Texas pansi pa Donna Lopiano mpaka 1992 ndi amene anamutsatira.

N'chifukwa chake oyamba kulamulira amuna ndi akazi pamodzi timawadziwa ndi mayina. Judith Sweet ku UC San Diego mu 1975, amene mu 1991 anadzakhala pulezidenti woyamba wamkazi wa NCAA. Mary Alice Hill ku San Diego State mu 1983, woyamba pa sukulu ya football ya gulu lapamwamba, amene anachotsedwa patangotha zaka ziwiri. Barbara Hedges ku Washington kuyambira 1991 mpaka 2004. Merrily Dean Baker ku Michigan State mu 1992.

Tsono kawerengedwe. Boma linapereka njira zitatu mu 1979, ndipo sukulu imangofunika kukhoza imodzi. Yoyamba, chiwerengero cha osewera aakazi chifanane ndi cha ophunzira aakazi pa sukulupo. Yachiwiri, sukulu ionetse kuti yakhala ikuwonjezera masewera a atsikana ndipo ikupitiriza. Yachitatu, ionetse kuti palibe masewera amene atsikana akuwafuna, angathe kupanga timu, koma akumanidwa. Yachiwiri ndi yachitatu zimafa tsiku limene watseka timu ya atsikana: sunganene kuti ukuwonjezera uku ukuchotsa, ndipo atsikana amene wawatsekera timuwo ndiwo umboni woti chilakolako chilipo. Brown University inaphunzira zimenezi itachotsa thandizo ku matimu a atsikana a gymnastics ndi volleyball mu 1991. Anaisumira mu 1992, inaluza, ndipo mu 1997 khothi lalikulu la dzikolo linakana kumva apilo yake.

Choncho ambiri amathamangira njira yoyamba, ndipo masamu ake ndi awa. Tiyerekeze sukulu imene ophunzira 54 pa 100 alionse ndi aakazi, ndipo osewera onse ndi 500. Aakazi ayenera kukhala pafupifupi 270, aamuna 230. Football yokha imatenga amuna 105. Otsala 125 agawane basketball, baseball, mpira wa miyendo, zothamanga ndi zina zonse. Palibe masewera a atsikana amene amafika pa 105, n'chifukwa chake muona masukulu a kutali ndi nyanja ali ndi timu yaikulu ya atsikana opalasa bwato, ambiri mwa iwo atayamba kugwira nkhafi ali kale pa yunivesite. Osewera amawerengedwa pa tsiku la mpikisano woyamba wa timuyo, ndipo mtsikana wothamanga mtunda wautali kutchire, wa m'nyumba nthawi yozizira, ndi wa pabwalo, amawerengedwa katatu. Apa m'pamene ena amachita chinyengo, kudzaza mayina pa tsiku lowerenga kenako n'kuwachotsa. Ndalama za masikolashipu nazo ziyenera kutsata chiwerengero cha osewera, osasiyana kupitirira 1 pa 100 popanda chifukwa chomveka. Kuwonjezera apo amayerekeza zipangizo, nthawi yoyeserera, mayendedwe, zipinda zosinthira, madokotala, chakudya ndi kutsatsa. Ngati anyamata akupita pa ndege atsikana pa basi ulendo wofanana, loya wapeza kale poyambira.

Mayi Yow anayesa njira yawo. Mu 2003 Maryland inawonjezera water polo ya atsikana, ndiponso inakhala yoyamba kusandutsa mpikisano wa ochemerera ovina ndi kunyamulana aja kukhala timu yeniyeni ya masikolashipu. Mu 2010 jaji wina, pa mlandu wa Quinnipiac University, anagamula kuti masewera amenewo anali asanakhwime mokwanira kuti awerengedwe pa Title IX. Matimu awiri onsewo anali m'gulu la 7 amene a NaJere atchula kuti anatsekedwa mu 2012.

Golokipa wa Kale

Aphunzitsi mwakhudza pamene ndimafuna kubwerera. Pamene NCAA inkatenga masewera a amayi mu 1981 inakhazikitsa udindo woti sukulu iliyonse izikhala ndi mayi mmodzi m'gulu la akuluakulu, umene kuyambira 1989 umatchedwa Senior Woman Administrator. Cholinga chinali chabwino, koma m'masukulu ambiri unasanduka khola. Mayiyo amapatsidwa matimu a atsikana, zamaphunziro ndi za umoyo wa osewera, pamene football, bajeti ndi zopereka zili m'manja mwa amuna. Pakapita zaka 15 akafunsira mpando waukulu, amamuuza kuti alibe luso la football. Wofuna kukwera ayenera kupempha dala kuyang'anira football kapena basketball ya amuna, kukhala nawo pa zokambirana za kontirakiti, ndi kupatsidwa mndandanda wa anthu olemera woti aziwayendera.

Taonani amene anafika m'zaka zaposachedwa. Jennifer Cohen anakulira mu ofesi ya zopereka ku Washington, anakhala mkulu mu 2016, ndipo USC inamutenga mu 2023. Carla Williams anali wachiwiri ku Georgia akuyang'anira football, ndipo mu 2017 Virginia inamulemba, mayi wachikuda woyamba pa mpandowu m'maligi akuluakulu. Candice Storey Lee anasewera basketball pa Vanderbilt n'kukwera pomwepo mpaka kukhala mkulu mu 2020. Nina King wa ku Duke, Heather Lyke amene anali ku Pittsburgh, ndi Desiree Reed-Francois wa ku Arizona onse anaphunzira zamalamulo. Njira ya ukochi ija yatsala pang'ono kutsekeka.

Maloya achulukira chifukwa cha mbali imene sitinaikambe, ya malamulo a NCAA. Mutu ukakula sulewa nkhonya: wolakwa akhoza kukhala wothandizira kochi amene mkulu samuona n'komwe mwezi wathunthu, koma funso limabwera pa desiki yake, loti kodi sukulu inali ndi njira zotchingira zimenezi. Barbara Hedges anachotsa kochi Rick Neuheisel mu 2003 pa nkhani yobetcha pa mpikisano wa basketball, koma kunapezeka kuti ofesi ya malamulo ya sukulu yomweyo inalembapo kalata yooneka ngati ikuloleza kubetcha kotero. Neuheisel anasuma ndipo anapatsidwa ndalama, mayi Hedges anali atapuma kale mu Januwale 2004. Mayi Yow nawo sizinawaphonye. Kafukufuku wa FBI wa 2017 anaulula za madola 40,000 ochokera kwa munthu wogwira ntchito ndi Adidas, opita kwa banja la wosewera Dennis Smith Jr. kudzera mwa wothandizira wa Gottfried. Anali atamuchotsa kale Gottfried mu Febuluwale 2017 chifukwa cha kugonja, koma chilango chinagwera sukulu mu 2021, zipambano za chaka cha Smith zinafufutidwa.

A NaJere, pa NC State ndiye musawamane mayi Yow ulemu wawo. Pa mndandanda umene umaphatikiza zotsatira za masewera onse a sukulu, anaipeza pa nambala 89 n'kuifikitsa pa 15 mu 2018. Ndipo kumanga kwake kunali kwa msinkhu wa thumba: nyumba yoyesereramo football ya madola 14 miliyoni mu 2015, ndi kukonzanso holo yakale ya Reynolds ndi 35 miliyoni mu 2016, m'malo mogwetsa n'kuyamba ina.

NaJere wa Maakaunti

Pa NC State ndavomera achimwene, zikuoneka kuti nsanja ya Tyser inawaphunzitsa kanthu. Koma ndiwonjezere kuti mpando umene anausiya mu 2019 si umene ulipo lero. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo. Kenako pa 6 Juni 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA: osewera akale alipidwa madola pafupifupi 2.8 biliyoni m'zaka 10, ndipo sukulu iliyonse yofuna ikhoza kulipira osewera ake mwachindunji mpaka pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Malire a masikolashipu analowedwa m'malo ndi malire a chiwerengero cha osewera pa timu, uko n'kumene kwachokera 105 ya aphunzitsi ija. Pangano lililonse la wosewera ndi kampani lofika madola 600 liyenera kukaonetsedwa ku ofesi yoyeza ngati mtengowo uli woona.

Ndiye mkulu wa zamasewera ayenera kupeza 20 miliyoni yatsopano chaka chilichonse, ngongole za nyumba zija zili pomwepo, ndipo ayenera kuigawa. Masukulu ambiri akutsata kagawidwe kopereka pafupifupi 75 pa 100 ku football, 15 ku basketball ya amuna, 5 ku ya amayi, 5 kwa ena onse. Kodi zimenezo zikugwirizana ndi Title IX? Unduna wa zamaphunziro unanena mu Januwale 2025 kuti lamulolo likukhudza ndalamazi, boma litasintha unabweza mawuwo mu Febuluwale. Nkhaniyo yatsalira makhothi, ndipo mayi amene ali pa mpando ndi amene amasaina kagawidweko, atsikana a m'matimu ake akumuyang'ana.

Kwa a kwathu amene ana awo akufuna kukasewera kumeneko, zinthu ziwiri. Netball, ngakhale ma Queens atatchuka chotani, si masewera a NCAA, kotero sikolashipu yake kulibe. Zothamanga, mpira wa miyendo ndi basketball ndiye zilipo. Ndipo wophunzira wakunja amakhala pa viza ya F-1 imene imaletsa ntchito zambiri za kunja kwa sukulu, choncho ndalama zotsatsa malonda zimene anzake a ku America akulandira zikhoza kumuonongera viza. Asanasaine kanthu apite ku maofesi awiri, ya malamulo a masewera ndi ya ophunzira akunja, ndipo yankho alilandire lolembedwa.